Mwendo wa Mbawala pa Khomo la Elina

Elina Daka anandipeza pa benchi langa mu msika wa Chawama Lolemba m'mawa, ndisanayale n'komwe malonda. Anali atafungatira chinthu chokulunga m'pepala la simenti, maso ali otupa. Mwamuna wake, Whyson, anali atagona masiku awiri m'chitokosi pa mlandu wowombera mnzake Oliver Sakala ku uzimba, ndipo Lachinayi amayenera kukaonekera kukhoti.

Ine ndine Ida Mvula. Ndagulitsa nyama yowamba zaka khumi ndi zitatu, ndipo sindinganame kuti yonse inali ya mbuzi. Chaka chimenecho, cha makuponi a boma ogulira ufa, nyama ya ku butchala tinkangoionera pagalasi. Amuna ochotsedwa ntchito m'mafakitale anakumbukira mwadzidzidzi kuti makolo awo anali alenje. Tchire likangopsa, msipu n'kuyamba kuphuka, iwo ulendo ku mapiri a ku Chongwe, atanyamula mfuti zimene ine sindikanalola kuti alozetse ngakhale khoswe wa m'nyumba mwanga. Ambiri ankabwerako ndi matuza ndi nkhani zambiri. Ulendo uno anabwerako ndi mtembo.

"Ba Ida, chosani ichi m'manja mwanga," anatero Elina. "Olo mugulise, olo mutaye. Ine siningadye."

Anandiuza kuti anachipeza Lamlungu masana kuseri kwa diramu la madzi pakhomo pake, pobwera kokapereka chakudya kupolisi. Palibe amene anaona wochisiya, popeza anthu a mu mzere wa nyumba zawo ena anali kutchalitchi, ena kunyumba ya maliro. Iye anangochiwamba pang'ono pa mbaula kuti chisanunkhe, kenaka anayamba kuchiopa.

Nditafunyulula pepala lija, mutu unaima. Unali mwendo wakumbuyo wa mbawala, wa kumanja, wodulidwa bwino pamfundo ndi munthu wodziwa mpeni, ndipo mchira unali pomwepo.

Nkhani imene Chawama yense ankaidziwa inali yosiyana ndi mwendo umenewu. Anapita anthu anayi. Wilbroad Lungu, mwini mfuti ya shotigani yokhala ndi mapepala a boma, ndiye anali mtsogoleri. Moven Tembo anayendetsa vaneti. Oliver, atavala jekete lake la khaki, analowa m'bango kukavumbulutsa nyama. Bango linagwedezeka, Whyson anawombera ndi gogodela yake, mfuti yachikale yothira onga, Oliver anagwa. Mfuti inalira kamodzi, nyama siinaphedwe. Wilbroad anati iye sanawombere, ndipo apolisi atanunkhiza mfuti yake anamva mafuta okhaokha. Whyson mwini wake anavomera mlandu akulira.

Tsono mwendo uwu unachokera ku mbawala iti? Bambo anga anali mlenje ku Nyimba, ndipo lamulo la alenje a kwathu ndinalimva ndisanadziwe kusinja. Wonyamula amadya khosi, mwini uzimba amadya chidale, koma mwendo wa kumanja ndi mchira wake ndi wa munthu amene wagwetsa nyamayo. Ukam'bera mwendo mnzako, mfuti yako imafa, siidzaphanso kanthu.

Ndinatenga mpeni n'kung'amba mnofu motsatira kabowo kamene ndinakaona pantchafu. Mpeni unagunda chinthu cholimba. Nditachikolowola, kachitsulo kobulungira kanagwera pa benchi n'kugubuduka mpaka pa dzanja la Elina. Anakayang'anitsitsa.

"Aka ni ka belingi ka njinga," anatero motsitsa mawu. "Ba Whyson bamasunga tumeneti mu kabotolo pansi pa bedi."

* * *

Masana ndinaperekeza Elina kupolisi, ine nditanyamula kontena ya chakudya ngati mlamu wachifundo. Whyson anam'tulutsira pa benchi la pakhonde. Anali kamunthu kochepa, kokonza njinga pansi pa mtengo wa malubeni pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, magalasi ake omangidwa ndi waya, khutu limodzi logontha. Zaka zitatu akupita ku uzimba, sanaphepo ngakhale nkhwali. Anzake ankamutcha mlenje wa mitengo, iye n'kumaseka nawo. Munthu wotere ukamuuza kuti waphonya nyama n'kupha munthu, sakutsutsa.

Ndinamufunsa kuti anawombera kangati. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati gogodela imalira kamodzi basi, ndipo kuti uyidzaze kachiwiri, kuthira onga, kutsendera kansanza, kuponyamo mabelingi, munthu angathe kudya n'kusamba m'manja. Anaikamo mabelingi asanu ndi limodzi, monga mwa masiku onse. Zipolopolo za mtovu sanazigwirepo, chifukwa kuzisungunula kumafuna batire lakale la galimoto, iye alibe.

"Nanga munaona chiyani musanawombere?"

"Chinthu chofiirira, mayi, cha timawanga toyera, chikuthamangira kumanzere kwanga. Pepani, ine ndinati ndi mbawala."

Anati mfuti itamukankha anagwa chagada, utsi uli tolo, khutu labwino lija likungolira. Podzuka anamva Wilbroad akukuwa kuti wapha munthu. Oliver anali gone pafupi ndi chulu, magazi ali pachifuwa. Nditafunsa kuti chulucho chinali mbali iti, anaganiza pang'ono n'kutambasula dzanja lamanja. Ndinamuuza kuti wangonena kumene kuti analozetsa kumanzere.

"Mfuti yanga imapita kumene ikufuna, mayi. Aliyense amadziwa zimenezo."

Zinandimvetsa chisoni, komanso zinandipsetsa mtima. Munthu anali kudzimangirira yekha chingwe m'khosi, kwinaku akupepesa. Ndinamufunsa zimene zinachitika pambuyo pake. Anati Moven anabwera akuthamanga kuchokera ku galimoto, Wilbroad n'kumubweza kuti akaisendeze pafupi. Kenaka Wilbroad anati akukadula mitengo ya machira onyamulira mtembo, ndipo anakhalitsa kumeneko, mwina ola lathunthu. Whyson anatsala yekha akuingitsa ntchentche pankhope pa Oliver.

Wapolisi wa pakhonde anayamba kugwedeza makiyi. Whyson anaimirira, koma anaimanso ngati wakumbukira kanthu kosafunika.

"Chinandidabwitsa pang'ono n'chakuti nkhwangwa anaisiya pambali panga," anatero. "Iwo anatenga mpeni."

* * *

Lachiwiri m'mawa sindinapite kumsika. Moven Tembo ndinam'peza kwake kumunsi kwa Chawama, miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa vaneti. Anatuluka akupukuta manja pa ovolosi, mano onse ali pamtunda. Moven ndi mwana wa m'tauni weniweni, amalankhula ngati minibasi ikumusiya.

"Aa, ba Ida, ba bosi ba nyama! Nkhani ija ni yoipa maningi, mwandi. Ine ninali ku motoka, fanibeluti inali inaduka, ninamanga na sitokingi. Ninamvela chabe kamozi, dii, basi. Nauza kudala ba polisi, sitetimenti ilipo."

Sindinam'funse za sitetimenti. Ndinangoima n'kumayang'ana nyumba yake. Dzuwa la Seputembala linali likuswa mtengo, anthu onse zitseko zili pululu, koma kwa Moven mawindo anali otseka, katani atakoka. Ntchentche zobiriwira zinali zitaunjikana pa mpata wa kunsi kwa chitseko. Mphuno yanga yakalamba ndi ntchito imodzi, ndipo fungo limene linkatuluka pamenepo silinali la tinsomba ta kapenta.

Ndinapempha madzi akumwa. Asanaitane mkazi wake, ine ndinali nditakankha kale chitseko, monga amachitira mayi wamkulu wopanda manyazi. Pa waya wa pakati pa chipinda panali timizere ta nyama, ndipo m'beseni munali mafupa a khosi, ang'onoang'ono osakwana a mbuzi yaikulu. Ndinatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino.

"Ni mbuzi iyo," anatero Moven, kuseka kutathawa. "Mulamu anabwelesa kuchoka ku Mumbwa."

Ndinamuuza kuti mlamu wakeyo ndi womana, kubweretsa khosi lokha ngati akugawira wonyamula katundu wa alenje. Ndinamuuzanso kuti mwendo wa mbuzi yomweyo, ndi mchira wake, uli kwa ine. Anakhala pansi pa tayala, n'kuyang'ana uku ndi uku.

Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati madzi a pa mpopi wathu. Atasendeza vaneti, Wilbroad anaponya thumba kumbuyo n'kuliphimba ndi tenti, mtembo n'kuugoneka pambali pake. Pofika m'tauni anam'patsa khosi, n'kumuchenjeza kuti galimoto yopezeka itanyamula nyama ya m'tchire imalandidwa. Vaneti imeneyo ndiyo inkadyetsa ana asanu a Moven. Nditam'funsanso kuti mfuti inalira kangati, anakanda pamutu nthawi yaitali.

"Inalila monga munthu wakosomola kabili. Dii, pamene apo pha. Ija ya ba Whyson ni ija ya dii, imamveka mu mimba. Koma ni kumvela chabe, ba Ida, sininaone. Ku polisi sinizakamba ivi, olo munimenye."

"Nanga pha uja anali wa ndani?"

Moven analowanso kunsi kwa galimoto yake, ndipo sipanala inayamba kulira pa chitsulo chimene sichinkafuna kukonzedwa.

* * *

Kwa Wilbroad sindinapiteko. Munthu amene wapukuta mfuti yake ndi mafuta apolisi asanafike sangagwe ndi mafunso a mayi wa mumsika. Ndinatenga ndowa n'kukaima pa mzere wa pa mpopi wa kufupi ndi kwawo, kumbuyo kwenikweni kwa mkazi wake, Felistus.

Felistus anabadwira ku Matero, m'tauni momwemo, amapemphera ku tchalitchi cha m'tenti chimene chimaimba ndi magitala, ndipo kumudzi kwa mwamuna wake anapitako kamodzi n'kudwala m'mimba. Mtima wake ndi wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko. Ndinangoti pepani ndi zovuta, bambo akupeza bwanji? Mzere unali wautali, madzi akudontha ngati akuwerengedwa, ndipo iye anali ndi zambiri zoti atule.

"Ba Ida, ba tate bake Fred banisokoneza. Kuchoka pa Satade sibagona mu nyumba, bagona mu kakhichini ka panja pa masaka. Ndiwo ati osaikamo soti, mchere bakana. Mbale yao, kapu yao, basuka beka. Nabafunsa ati ni bipi? Sibayankha."

Ndinati mwina ndi chisoni, poti Oliver anali mnzawo. Iye anavomera, koma anati chisoni chotani chothawa ana ako omwe? Dzulo lake kamwana kawo kotsiriza kanathamangira kukawagwira mwendo, iwo analumpha ngati aona njoka, n'kukalipira mayi ake kuti azigwira ana. Ndiponso anatumiza uthenga pa basi ya ku Chipata kuti amalume awo a ku Nyimba abwere msanga ndi mankhwala. Mankhwala a chiyani, Felistus sankadziwa. Iye anali atayamba kusala kudya kuti chiwanda chituluke.

Ine ndinkadziwa. Ndili mtsikana, bambo anga aang'ono anawombera munthu mwangozi pa uzimba wa nguluwe, ndipo anakhala m'kachisakasa kunja kwa mudzi mpaka akulu atawasambitsa. Kwathu amati munthu wokhetsa magazi a mnzake amatenga chirope. Asanasambe mankhwala sadya mchere, salowa kuchipinda, ndipo koposa zonse sakhudza mwana wamng'ono, chifukwa mwanayo amatupa n'kufa. Ena amati n'zachikale. Koma Wilbroad Lungu, mwana wa mlenje, amene ankadzitama pa mowa kuti mfuti ya bambo ake siinadyepo gawo la mwini, sankati n'zachikale.

Ndinakumbukiranso nkhope ya Whyson pa benchi la kupolisi, akudya ndiwo za mchere zimene mkazi wake anaphika, osaganizako n'komwe. Iye anakulira ku mishoni, za alenje anazidziwira m'tauni.

Ndowa yanga inafika pa mpopi n'kudzaza. Felistus anandithandiza kusenza, n'kundithokoza chifukwa chomumvetsera.

* * *

Kunyamula mwendo wa mbawala kupita nawo kupolisi, iwe uli wogulitsa nyama ya m'tchire, n'kudzipereka wekha. Ndinazungulira bwalo la mpira kawiri ndisanalowe. Mlandu unali m'manja mwa Sajeni Enos Chilufya, munthu wamtali wosakonda kuseka, amene ankalemba malipoti kuseri kwa mapepala akale chifukwa atsopano anali atatha. Ndinaika mwendo pa tebulo pake, kabelingi pambali, n'kumuuza zonse kupatula dzina la Moven.

Anamvetsera mpaka kumapeto, ndiye ndimam'lemekeza mpaka lero. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa envulopu. Anakhuthulira pa pepala zimene adokotala anachotsa m'chifuwa cha Oliver. Zinali tizidutswa tinayi totuwa, tophwanyika ngati chingamu chotafuna. Ndinatenga kamodzi n'kukanda ndi chikhadabo, kanalembeka. Unali mtovu, ndipo belingi ya njinga siiphwanyika chomwecho ngakhale uimenye ndi hamala.

Sajeniyo anati zimenezo anaziona kale, koma gogodela imadya chilichonse, misomali, mtovu, miyala, ndipo mawu a womangidwa akuti ankaikamo mabelingi okha ndi mawu chabe. Mwendo ungachokere ku mbawala ina iliyonse ya mlungu watha. Iye anali ndi munthu wovomera yekha, mfuti yonunkha onga, ndi mboni ziwiri. Ine ndinali ndi mchira ndi nkhani ya mchere.

"Mayo, ku koti siningaimilile ati uyu muntu sakudya soti," anatero, akunditcha mayi m'chilankhulo cha kwawo. "Ba majisitileti bazaniseka. Na iyi nyama, muziba ati ingamugonekeni muno?"

Ndinati ndikudziwa. Ndinam'funsa ngati adzabwere ku maliro mawa. Anati ayenera kubwera, popeza abale a Oliver ochokera ku Katete anali ataopseza kuti akagwetsa nyumba ya Whyson akachoka kumanda. Ndinam'pempha chinthu chimodzi, kuti anthu akabwerera kunyumba ya maliro adzaime pafupi ndi Wilbroad Lungu, osafunsa kanthu, angoyang'ana.

Anakulunga mwendo uja n'kuuika m'kabati pamodzi ndi envulopu.

"Muzachita chani?" anafunsa.

Ndinatsanzika n'kutuluka, chifukwa chimene ndinkaganiza chinkandichititsa manyazi ine ndemwe.

* * *

Oliver tinamuika Lachitatu dzuwa lili paliwombo. Pobwerera, anthu anasamba m'manja pa beseni la pa geti n'kukhala, amuna pa mabenchi a tchalitchi pansi pa tenti, amayi pa mphasa m'mbali mwa nyumba. Wilbroad ndiye anali pakati pa zonse. Ndiye anapeza matabwa a bokosi, ndiye anakonza za lole, ndipo akuluakulu a ku Katete ankangoti mnzake weniweni ndi ameneyu. Ndinaona kuti pamene mbale zinkazungulira, iye anati wadya kale. Ndinaonanso kuti anakhala kumapeto kwa benchi, kutali ndi kumene ana ankadutsa. Sajeni Chilufya anali chiimire pa mzati wa tenti, kapu ya madzi ili m'manja.

Mkazi wamasiye, Ketty, anali m'nyumba, mawu atatha ndi kulira. Pamiyendo pake panali mwana wawo wa miyezi inayi, Anna. Ndinagwada n'kunena kuti andipatse mwanayo apumeko mphepo panja, ndipo anandipatsa osayang'ana n'komwe, monga mayi aliyense amapatsira mnzake pa maliro. Sindinamuuze kanthu. Tchimo limenelo ndi langa.

Ndinayenda ndi mwanayo pakati pa mabenchi. Ine ndimapita ku tchalitchi, ndipo ndimati za chirope sindizikhulupirira. Koma mwana uja atandigwira chala, ndinadziwa kuti Wilbroad akatambasula manja, ndithawa naye. Ndinaima patsogolo pake n'kukweza mawu kuti akulu a ku Katete amve.

"Ba Lungu, mwagwira nchito yaikulu. Uyu mwana alibe tate manje. Munyamuleni, bantu baone ati ba Oliver basiya munzao."

Akuluakulu aja anavomereza ndi mitu, mmodzi mpaka anaomba m'manja pang'ono. Wilbroad anamwetulira, nati manja ake ndi akuda ndi dothi la kumanda. Ndinati aliyense wamuona akusamba pa geti. Anati ali ndi chifuwa, angam'patsire. Mkulu wina wa imvi, amalume a Oliver, anati chifuwa si kanthu, amunyamule pang'ono chabe, ndi ulemu kwa malemu.

Ndinasendeza mwana. Nsalu yake inatsala pang'ono kukhudza malaya a Wilbroad. Iye anabweza manja kumbuyo, anadzuka mofulumira mpaka benchi linapendekeka, n'kubwerera chambuyo mpaka msana unagunda mzati umene panali sajeni. Nkhope yake inali itatuwa, thukuta lili kamukamu.

"Chotsani mwanayo," anatero, osati m'chinyanja cha m'tauni koma m'chilankhulo cha kwawo. "Mayi Mvula, ndapota nanu, chotsani mwanayo. Ndisaphenso wina."

Amalume a imvi aja ndiwo anayamba kumvetsa, chifukwa Katete ali m'chigawo cha kwathu komweko. Anavula chipewa pang'onopang'ono n'kumufunsa kuti, mwana wanga, sunasambe? Wilbroad anagwa pa mawondo.

Ananena zonse pomwepo, maso ali pansi. Bango litagwedezeka mbali ziwiri, Whyson anawombera kumanzere, iye kumanja, osadikira kuti aone chimene chikutuluka. Anali atamwako kachasu m'mawa kuti achotse kuzizira. Poona kuti Whyson wagwa ndipo sakudziwa chimene chachitika, mawu akuti wapha munthu anangotuluka okha, ndipo atatuluka sanathenso kuwabweza. Mbawala anaipeza itafera m'bango, mabelingi ali m'nthiti ndi m'ntchafu. Kuisiya sakanatha, kunyumba kunalibe ndiwo mlungu wonse.

Sajeni anam'funsa chimene inenso ndinkafuna kudziwa, kuti nanga mwendo anauperekeranji, poti ukanakhala m'mphika mwake palibe akanadziwa.

"Si wanga," anayankha Wilbroad, ngati akudabwa ndi funsolo. "Anagwetsa ndi iwowo, a Whyson."

Munthu anatha kum'senzetsa mnzake mtembo, koma kum'bera mwendo wa nyama analephera. Ndaganizira zimenezi zaka zambiri ndipo sindinazimvetsebe. Ketty anatuluka m'nyumba, anandilanda mwana, ndipo sanandipatsenso moni mpaka mvula itagwa. Sindimuimba mlandu.

* * *

Madzulo ake dzuwa lisanalowe tinapita ndi Elina kupolisi. Sajeni anati mlandu wa imfa wachoka pa Whyson, koma wa mfuti yopanda mapepala ndi wa nyama ulipobe, ndipo umenewo ndi wa faindi kapena miyezi yochepa. Za ine anangoti benchi langa likhale la mbuzi zenizeni kuyambira tsopano, n'kuyang'ana kumbali.

Anam'tulutsira Whyson pa benchi lomwe lija. Elina anayamba kumufotokozera, koma kulira kunamulepheretsa, ndiye ndinapitiriza ine, ndikulankhulira ku khutu labwino. Ndinamuuza za mtovu, za khosi, za mwana, ndi za Wilbroad amene tsopano anali m'chipinda choyandikana ndi chake. Ndinamuuza kuti sanaphe munthu. Anamvetsera mutu uli pansi, akupotokola waya wa magalasi ake, ndipo ndinayamba kukayika ngati wamva.

"Ndiye kuti mbawala ija," anatero potsiriza, "ndinailasa ndine?"

Ndinati inde, mabelingi ake, mwendo wake, mchira wake. Kankhope kake kanawala pang'ono, ngati ka mwana wopambana mayeso. Anatembenuka ngati akufuna kuuza wina, ndipo ndinadziwa amene ankam'funa, chifukwa pa anthu onse oseka mlenje wa mitengo, Oliver ndiye ankaseka kwambiri, ndiyenso ankam'nyamulira mfuti pokwera phiri.

Pambali pake panalibe munthu. Whyson anavula magalasi, anawaika pa benchi mosamala, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri.